Musanaponye mbedza m'madzi a eni

Munthu wokulira ku Nkhotakota, ku Mangochi kapena m'mbali mwa Shire akafika ku England n'kuona ngalande zodzaza madzi zikudutsa pakati pa Manchester kapena Birmingham, nsomba zikungoyandama popanda wozisowetsa mtendere, mtima wake umathamangira ku mbedza. Kwathu mwana amadula bango, kumangirira twaini, kukumba nyongolotsi kuseri kwa bafa, ulendo wa kudambo osapempha aliyense. Matemba akakodwa ndiye kuti madzulo nsima ilowa. Mwanayo sanalakwire munthu. Koma zomwezo mukazichita pamtsinje wa Trent kapena wa Severn, mukhoza kupalamula milandu itatu dzuwa lisanalowe: kuwedza opanda chiphaso, kuwedza m'madzi a eni osapempha, ndi kutenga nsomba zomwe lamulo likuti zibwerere m'madzi. Amene anamvapo za chiphaso amayesa kuti akachigula ndiye kuti zonse zatha. Chiphasocho chimakuchotserani mlandu woyamba wokha.

Tiyambe ndi chomwecho. Pansi pa lamulo la 1975 la Salmon and Freshwater Fisheries Act, aliyense wa zaka 13 kapena kuposerapo ayenera kukhala ndi laisensi asanawedze m'mitsinje, m'ngalande, m'madamu ndi m'maiwe a ku England ndi ku Wales. Ngakhale dziwe likhale la munthu payekha, laisensi imafunikabe. Amapereka ndi a bungwe la Environment Agency, ndipo imagulidwa pa intaneti patsamba la boma la GOV.UK kapena poimba foni, chifukwa mapositi ofesi anasiya kugulitsa mu 2023. Samalani ndi masamba ena amene amadzionetsa ngati a boma n'kumaonjezerapo ndalama yawo pamwamba. Ilipo ya tsiku limodzi, ya masiku 8 ndi ya miyezi 12. Ilipo yotsika mtengo yowedzera trout, mikunga ndi nsomba wamba za m'madzi opanda mchere, ndipo ilipo ina yokwera mtengo ya nsomba za salmon. Okalamba ndi olumala amawatsitsira mtengo. Wa zaka 13 mpaka 16 salipira kanthu koma ayenera kulembetsa. Mwana wosakwana zaka 13 safunika chiphaso, komabe inu bambo kapena mayi mukamugwirira ndodo yowedzera, ngakhale mongomuthandiza, lamulo limaona kuti amene mukuwedza ndinu. Wopezeka akuwedza wopanda laisensi akhoza kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 2,500, pomwe ya chaka chonse ya nsomba wamba ndi mapaundi makumi ochepa chabe.

Pogula sakufunsani ngati ndinu nzika, ndiponso palibe mayeso. Wophunzira, namwino wongofika kumene, mlendo wodzaona ana, onse ali ndi ufulu wogula. Ndalamazo sizisowa kolowera: mwa zina zimayendetsa malo oswetsera nsomba a Calverton, pafupi ndi Nottingham, komwe amalera nsomba zokathira m'mitsinje imene yaonongeka ndi zonyansa.

Nkhani yachiwiri ndi imene imavuta kuimvetsa kwa munthu wochokera kwathu. Ku England ufulu wowedza pamalo ndi katundu ngati munda. Uli ndi mwini wake, umagulitsidwa, umachititsidwa lendi. Mtsinje umodzi womwewo, chigawo ichi ndi cha mlimi, chotsatira chinabwerekedwa ndi kalabu ya asodzi, tsidya linalo ndi la khonsolo. Boma likakupatsani laisensi langokulolani kugwira ndodo. Silinakupatseni malo oimapo. Malowo mumapempha kwa mwini, kaya pogula tikiti ya tsiku kaya polowa kalabu. Ngalande zambiri, zotalika makilomita opitirira 3,000 zonse pamodzi, zili m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust, lomwe zigawo zina linabwereketsa kwa makalabu ndipo zotsala limagulitsa chilolezo chakechake chotchedwa Waterway Wanderers. Kuti njira ya m'mbali mwa ngalande aliyense amayendamo sizitanthauza kuti aliyense angawedzepo. Kuwedza popanda chilolezo cha mwini kumagwera pansi pa lamulo la kuba la 1968, Theft Act, ndipo mlandu umakhalapo ngakhale nsombayo mwaibweza m'madzi kapena simunakole n'komwe. Malo aulere alipo. Mtsinje wa Thames kuyambira pa Staines kutsikira ku London ndi amodzi mwa malo otere, koma naponso laisensi ya boma ija imafunika. Kwina konse, mukaona chikwangwani cha kalabu pamtengo, werengani ndipo imbani foni musanamasule zida.

Tsopano nsomba yakodwa. Apa ndi pamene Mmalawi ndi Mngelezi amasiyana maganizo kotheratu. Asodzi ambiri a m'madzi opanda mchere ku England sawedzera ndiwo. Amakola nsomba, kuigoneka pamkeka wonyowa kuti isapweteke, kuiyeza pasikelo, kujambula chithunzi, n'kuibwezera m'madzi mosamala. Nsomba zikuluzikulu za mtundu wa carp amazitcha ngakhale maina. Ina yotchedwa Benson, ya kumaiwe a Bluebell pafupi ndi Oundle, inafika makilogalamu pafupifupi 29, inakodwa ndi kubwezedwa koposa ka 60, ndipo itafa mu 2009 nyuzipepala za dziko lonselo zinalemba za imfa yake. Kwa munthu amene anakulira pamudzi pomwe mlamba umodzi umagawidwa nthuli zisanu ndi imodzi, izi zimamveka ngati kuseweretsa chakudya, ndipo sindimudzudzula akamva choncho. Koma taonani mbali inayo. Madzi a kumeneko ndi ochepa, asodzi ogula laisensi amayandikira miliyoni imodzi pachaka, ndipo carp imatenga zaka zambiri kuti ikule. Mwini dziwe amagula nsombazo ndi ndalama zambiri, ndipo anthu amalipira pachipata chifukwa cha nsomba zomwezo. Aliyense atamanyamula imodzi, pakutha pa chilimwe chimodzi m'dziwemo mungatsale achule okha. Ndiye lamulo lake ndi lachindunji: m'dziwe, m'damu kapena m'ngalande simutenga nsomba iliyonse pokhapokha mwini atakulolani polemba kalata.

M'mitsinje muli mpata pang'ono, koma wowerengedwa. Patsiku munthu angatenge pike imodzi yosapitirira masentimita 65, ma grayling awiri a pakati pa masentimita 30 ndi 38, ndi tinsomba 15 tosapitirira masentimita 20 ta mitundu monga roach, perch, rudd, dace ndi bream. Mkunga uliwonse ubwerere m'madzi wamoyo, poti mikunga ya ku Ulaya yatsala pang'ono kutha. Ndipo muyeso umenewu ndi wa boma chabe. Kalabu ili ndi mphamvu yoletsa kutenga ngakhale kansomba kamodzi pachigawo chake, ndipo makalabu ambiri amaletsadi.

Si ife tokha amene zinatidabwitsa. Anthu ochokera ku Poland, Lithuania ndi Romania atachuluka ku Britain, panabuka mkangano waukulu m'mbali mwa madzi, chifukwa ku Poland carp ndi ndiwo ya Khirisimasi. Bungwe la asodzi la Angling Trust linachita kukhazikitsa ntchito yotchedwa Building Bridges, yofotokozera alendo malamulo m'zinenero zawo. Mkwiyo umene unalipo nthawi imeneyo sunatheretu. Munthu wachilendo akaoneka akuika nsomba m'jumbo, pamapezeka womujambula ndi kuimba foni.

Nanga amene akufunadi nsomba ya pamoto apite kuti? Njira zilipo ziwiri zabwino. Yoyamba ndi maiwe a trout kumene eni ake amathiramo nsomba mwadala kuti anthu azitenga. Mumalipira tikiti yonena chiwerengero chomwe munganyamule. Yachiwiri ndi kunyanja ya mchere. Kumeneko kuwedza nsomba za m'nyanja ndi ndodo sikufuna laisensi, ndipo m'miyezi yotentha nsomba za mackerel zimafika pafupi ndi gombe, moti malo ngati Chesil Beach ku Dorset amadzaza ndi anthu owedzera kudya. Kunyanjako miyeso iliponso. Nsomba ya bass yosakwana masentimita 42 siitengedwa, ndipo chiwerengero chake ndi miyezi yololedwa zimasinthasintha, choncho onani malamulo a chaka chimenecho musananyamuke.

Pali nyengo yotseka. Kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni, masiku onse awiriwo kuwerengera momwemo, sikuloledwa kuwedza nsomba wamba m'mitsinje ya ku England ndi ku Wales, chifukwa ndi nthawi yoswana. Maiwe ndi ngalande zambiri zimakhala zotsekula chaka chonse, koma osati zonse. Lamulo ili lokha siliyenera kutidabwitsa. Panyanja ya Malawi makoka amaimitsidwa mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, ndipo pachilumba cha Mbenji ku Salima, Mfumu Yaikulu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo kwa zaka makumimakumi, mwa mphamvu ya ufumu. Amene anaonapo mmene nsomba zimachulukira pa Mbenji akatsekulira safunika kumuuza chifukwa chake Mngelezi amatseka mtsinje wake.

Za zida ndingodutsamo mwachangu, ngakhale pali zingapo zomwe kwathu ndi zachizolowezi. Ukonde, khoka ndi mono siziloledwa m'madzi opanda mchere popanda chilolezo chapadera. Mono wotchera nkhanu za m'mitsinje ukakhala wa khomo lalikulu umamiza akatumbu, omwe ndi nyama yotetezedwa. Mkondo, nyali yokopera nsomba usiku, magetsi ndi mankhwala aliwonse ophera nsomba monga katupe ndi zoletsedwa, ndipo za mankhwala ndi magetsizo zikhoza kufikitsa munthu kundende. Ndodo yoti mbedza yake ili m'madzi siisiyidwa yokha. Kutchera chingwe madzulo kuti mudzachione m'mawa ndi mlandu. Timiyala ta mtovu tolemeretsa chingwe ta pakati pa magalamu 0.06 ndi 28.35 tinaletsedwa mu 1987, chifukwa mbalame zikuluzikulu zoyera zotchedwa swan zinkameza n'kumafa. Kusamutsa nsomba yamoyo kuchoka m'madzi awa kukaponya m'madzi ena nakonso kumafuna chilolezo, poopa matenda.

Muli ndi ufulu wanu pamene mlonda wakupezani. Alonda a Environment Agency ali ndi mphamvu zofanana ndi za apolisi pankhani za usodzi: angakufunseni laisensi, dzina ndi adiresi, angasecheni chikwama, angalande zida ndi nsomba. Amayenda ndi chitupa, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuchiona. Kukana kutchula dzina kapena kunama ndi mlandu wina pamwamba pa woyambawo. Mlonda wa kalabu alibe mphamvu zimenezo. Iye angaone tikiti yanu, kukuuzani kuti muchoke, kapena kuitana apolisi. Palibe mlonda amene amalandira chindapusa pamanja m'mbali mwa madzi, ndipo kuyesa kumupatsa kenakake kuti nkhani ithere pompo ndi kudziika pamoto. Milandu yambiri yotere imayendera m'makalata. Kalata ya kukhothi ikafika, yankhani. Ambiri amaweruzidwa iwo kulibe chifukwa kalatayo anaiponya m'kabati, ndipo chindapusa chimakula. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: chigamulo cha khothi chimalowa m'mbiri ya munthu, ndipo mafomu opempha viza kapena unzika amafunsa za milandu imene munthu anapezeka nayo wolakwa. Zaka zogwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba zisadetsedwe ndi ma roach asanu.

Ku Scotland zinthu ndi zina. Kupatula dera la mtsinje wa Border Esk, kulibe laisensi ya boma, koma chilolezo cha mwini chimafunikabe, cha salmon chiyenera kukhala cholembedwa, ndipo Lamulungu salmon sawedza.

England sikakamiza munthu kuphunzira asanawedze, ngakhale mabungwe aja amachititsa maphunziro a oyamba kumene, monga Let's Fish! ya Canal & River Trust ndi Get Fishing ya Angling Trust, komwe zida amabwereketsa. Dziko limene linaika maphunziro patsogolo ndi Germany, ndipo amene ali kumeneko amvetse bwino. Chigawo chilichonse mwa zigawo 16 za dzikolo chili ndi lamulo lake la usodzi, koma pafupifupi konse munthu sapatsidwa chiphaso chotchedwa Fischereischein asanakhoze mayeso a boma. Ku Bavaria amayamba wakhala m'kalasi maola osachepera 30, kenako amalemba mayeso a mafunso 60, ndipo ayenera kukhoza 45. Amaphunzira kuzindikira mitundu ya nsomba ndi matenda ake, moyo wa m'madzi, zida, malamulo, ndi kaphedwe koyenera ka nsomba. Akakhoza n'kulandira chiphaso, amakagulanso chilolezo cha madzi amene akufuna kuwedzamo, monga ku England komwe. Kuwedza popanda chilolezo chimenechi ndi mlandu pansi pa gawo 293 la malamulo a milandu ya upandu, ndipo chilango chake chimafika zaka ziwiri kundende. Zigawo zina zinafewetsako: Mecklenburg-Vorpommern imagulitsa chiphaso cha alendo cha masiku 28 popanda mayeso, ndipo Brandenburg imalola kuwedza nsomba zosadya zinzake popanda mayeso.

Chochititsa chidwi n'chakuti maganizo a ku Germany ali pafupi ndi athu kuposa a ku England. Lamulo lawo loteteza nyama limaletsa kupweteka kapena kupha nyama ya msana popanda chifukwa chomveka, ndipo chifukwa chomveka chowedzera ndi kudya. Munthu wopita kumadzi ndi cholinga chongokola, kujambula ndi kubweza akhoza kuimbidwa mlandu wozunza nyama. Nsomba yosakwana muyeso kapena yokodwa m'nyengo yake yoswana ndi imene imabwezedwa. Yoyenera kudya amayamba aikomola poimenya pamutu, n'kuipha nthawi yomweyo. Kuisiya ikuphiriphitha m'ndowa yopanda madzi mpaka ife yokha ndi mlandu. Nsomba yamoyo saiika pambedza ngati nyambo. Chomwecho chimene Mngelezi amachitamanda chikhoza kukutengerani kukhothi ku Munich, ndipo chimene Mjeremani amayembekezera kwa inu chingakuchotsetseni m'kalabu ku Leeds.

Pa njira ziwirizi, ine ndimaona kuti Ajeremani anagwira mfundo. Munthu wosatha kusiyanitsa nsomba yotetezedwa ndi yololedwa sangasunge lamulo ngakhale atafuna, ndipo England imagulitsa chiphaso m'mphindi zisanu kwa munthu amene sanauzidwe kanthu, kenako n'kumulanga pa zomwe sanauzidwezo. Pomwe njira ya ku Germany imalemera ndi pa mlendo: maphunziro amalipiritsa, ndipo mayeso kawirikawiri amakhala m'Chijeremani, moti wongofika kumene amatsekeredwa kunja kwa zaka. Maphunziro afupi, otsika mtengo, m'chinenero chimene munthu akumva, akanathandiza maiko onse awiri.

Abale athu ambiri ali ku South Africa, ndipo kumeneko nyanja ya mchere si yaulere ngati ku Britain. Lamulo la 1998 la Marine Living Resources Act limafuna chiphaso kwa aliyense wowedza kunyanja mongosangalala, ngakhale ataima pamiyala ya ku Kalk Bay kapena pagombe la Durban. Chimagulidwa kupositi ofesi kapena pa intaneti, ndipo kutola nyambo kapena nkhono za m'nyanja kuli ndi chilolezo chake. Mitundu ya nsomba ili ndi miyeso. Shad, yomwe ku Cape amati elf, imatsekedwa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala, ndipo nthawi yololedwa munthu satenga zoposa zinayi patsiku kapena yosakwana masentimita 30. Galjoen imatsekedwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Nkhono ya m'nyanja yotchedwa perlemoen musayerekeze n'komwe kuikhudza; kutola mongosangalala kunatsekedwa kalekale, ndipo anthu amamangidwa nayo. Chofunika kuposa zonse kwa munthu amene akusaka ndalama n'chakuti nsomba zowedzedwa ndi chiphaso chimenechi sizigulitsidwa, ngakhale imodzi, ngakhale kwa mnansi. M'madamu ndi m'mitsinje ziphaso zimachokera ku maboma a zigawo, monga CapeNature ku Western Cape.

Pempho langa likupita kwa atsogoleri a mabungwe a Amalawi ndi Azambia kunjaku, kwa abusa ndi mashehe, ndi kwa amene mumayang'anira magulu a WhatsApp olandirira ongofika kumene. Mumawauza kale za lendi, za msonkho ndi za laisensi yoyendetsera galimoto. Onjezanipo za mbedza, makamaka kwa ochokera kunyanja, amene dzanja lawo silingakhale osawedza. Ngati kwanuko kuli kalabu ya asodzi, itanani mmodzi wa iwo adzalankhule pamsonkhano wanu wotsatira, ndipo ana abwere nawo.